Kambalame kakasiya kuyimba



Ena mwa inu mumatsika sitima ya Jubilee pa Canary Wharf m'mamawa kukakolopa maofesi a mabanki. Kodi munadzifunsapo kuti dzinali linachokera kuti? Ine ndinkangoti ndi malo a anthu andalama basi, mpaka tsiku lina mwana wa kunyumba kumene ndimagwira ntchito anandionetsa chithunzi cha kambalame kachikasu, kakang'ono ngati mpheta, n'kunena kuti ndi ka canary. Liwu ndi limodzi, koma lanyamula zinthu zitatu.

Choyamba ndi zilumba. Zilumba za Canary zili m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco, koma ndi za dziko la Spain. Amati dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza galu. Mbalameyo inangotenga dzina la kwawo, monga mmene ife amatitchulira kuti Amalawi.

Chachiwiri ndi doko. Kale, pamene pali mabanki aja, sitima zapamadzi zinkatsitsapo nthochi ndi tomato zochokera kuzilumbazo. Doko linatsekedwa mu 1980, anamangapo nyumba zosanja, koma dzina linatsalira.

Chachitatu ndi kambalame kaja, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Kuno ku Britain, okumba malasha ankalowa nako mumgodi kali m'kakhola. Pansi paja pamatuluka mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha. Kambalameka kamafooka nawo msanga kuposa munthu, ndiye kakasiya kuyimba n'kugwa, anthu ankadziwa kuti athawe. Anachita zimenezi mpaka mu 1986, pamene makina analowa m'malo mwake.

Mpweya womwewo umapezekanso m'zipinda zimene timachita lendi. Umachokera ku boiler yowonongeka, kapena ku makala oyatsira m'nyumba mawindo ali otseka. Kuzizire bwanji, mbaula isalowe m'nyumba. Kuyambira Okutobala 2022, lamulo la ku England limati mwini nyumba aike alamu ya mpweyawu m'chipinda chimene muli boiler. Mukaweruka lero, kayang'aneni ngati ilipo, ndipo muidine kuti mumve ngati ikulira. Mukamamva mutu, chizungulire ndi nseru zimene zimasiya mukatuluka panja, tsegulani mawindo, tulukani nonse, muimbe 0800 111 999.

Koma alamu imachita kukuwa, pamene munthu amachita ngati kambalame kaja, amangokhala chete. Taganizirani mlongo amene ankayambitsa nyimbo, pano watha masabata atatu osaoneka, foninso sayankha. Mwina ndi matenda, mwina ngongole, mwina mapepala amuvuta, mwina wangotopa ndi kukhala yekha. Musafulumire kunena kuti wayamba kunyada. Okumba malasha aja sankakalipira kambalame kakasiya kuyimba, ankadziwa kuti chimene chakagwetsa chikubweranso kwa iwo.

Sabata ino muimbireni. Akapanda kuyankha, kwerani basi mukagogode pakhomo pake.

Mtendere.