"Foni yako ili ndi vairasi!" Bodza lamkunkhuniza lafika mpaka ku Likoma

Mukatsika Ilala pa Likoma n'kukwera kamtunda kupita ku Mbamba, mudzaona kuti masiku ano malonda a usipa akuyendera pafoni. Mayi wa mu msika wa Mzuzu kapena Lilongwe aimbira msodzi, agwirizana mtengo, ndalama aponya pa Mpamba kapena Airtel Money, thumba likwera sitima kupita ku Nkhata Bay. Mpamba wonse wa geni uli m'kafoni ka m'manjako. Akathyali nawonso akudziwa zimenezi.

Zimayamba chonchi. Muli phee kufufuza nyimbo kapena zigoli za mpira pa intaneti, mwadzidzidzi foni ija yanjenjemera, pagalasi pafiira psuu. Uthenga wa m'Chingerezi ukuti foni yanu yagwidwa ndi mavairasi, batire yawonongeka, zithunzi zifufutika. Pansi pake kawotchi kakuwerenga masekondi chobwerera m'mbuyo, ati dinani apa msanga muike pulogalamu yoyeretsera. Mpaka dzina la foni yanu alitchula, kaya ndi Itel kaya ndi Tecno. Ndani sangagunde mtima?

Komatu abale, palibe chomwe apima. Tsamba la pa intaneti lilibe mphamvu yolowa m'foni n'kuwerenga mavairasi. Ndi chithunzi chabe chojambuliratu, ndipo aliyense wofika pamenepo amauzidwa zomwezo, ngakhale foni yake itangotuluka m'katoni dzulo. Dzina la foni alidziwa bwanji? Foni imatha kudzitchula yokha mtundu wake pa tsamba lomwe yatsekula. Ndi ja sing'anga wa pa depoti amene amakuuza kuti wakulodza ndi m'bale wako asanakufunse n'komwe dzina.

Tsoka limabwera mukadina. Mapulogalamu ena amangodzaza foni ndi zotsatsa malonda, bandulo ya sabata n'kutha tsiku limodzi. Ena amakulembetsani zinthu zodya mayunitsi mwakachetechete. Oopsa kwambiri ndi aja opempha chilolezo chowerenga mauthenga anu. Wamalonda akavomera, ndiye kuti wapatsa mlendo buku lake lonse: yemwe watumiza ndalama, zingati, zatsala zingati, ngakhale manambala achinsinsi amene banki imatumiza pa SMS.

Mchitidwewu sunayambire kuno ayi. Azungu anayamba kulira kalekale pa makompyuta awo. Mu December 2008 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linatengera kukhoti kampani ya Innovative Marketing, yomwe inali ndi maofesi ku Kyiv m'dziko la Ukraine. Kampaniyi inkagulitsa mapulogalamu abodza monga WinFixer ndi XP Antivirus, ndipo inapusitsa anthu oposa 1 miliyoni. Mu 2012 khoti linagamula kuti mmodzi mwa akuluakulu ake, Kristy Ross, alipire madola 163 miliyoni. Mu June 2011 apolisi a FBI analengeza za gulu lina lomwe linadya madola 72 miliyoni kwa anthu pafupifupi 960,000. Ngakhale nyuzipepala yotchuka ya New York Times inaterereka mu 2009 pomwe inalandira malonda otsatsa omwe ankaopseza awerengi ake ndi vairasi yabodza. Ngati anthu ophunzira mpaka kutha mabuku anagwa m'mbuna, kuli bwanji msodzi wa ku Chizumulu amene uthengawo ukumufikira m'chilankhulo chachilendo?

Mafoni atachuluka, mbavazi zinasamukira komweko. Mu 2014 pulogalamu ya Virus Shield inagulidwa ngati zitumbuwa pa Google Play, pa mtengo wa madola 3.99, pomwe ntchito yake inali kungosintha kachizindikiro pagalasi basi. Google inachita kubweza ndalama za anthu. Mu 2019 akatswiri a AV-Comparatives a ku Austria anayesa mapulogalamu 250 odzitcha oteteza mafoni a Android, ndipo 80 okha ndi amene anakhozako.

Mavairasi enieni alipo, tisanamizane. Mu February 2024 Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko lino, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Amalonda opita ku Joni ndi ku Dar es Salaam akukumbuka bwino momwe anavutikira. Koma wakuba weniweni sagogoda. Yemwe akukuwa pagalasi kuti fulumirani, ndiye wakubayo.

Ku Likoma vuto limakula chifukwa cha nyanja. Anthu a m'bomali, omwe kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi oposa 14,000, akafuna thandizo lalikulu la foni kapena banki nthawi zambiri maso amakhala kumtunda, ndipo ulendo wake ndi wodikira sitima. Mapulogalamu ambiri amangopatsirana foni ndi foni, kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi. Mmodzi akatola chonyansa, gombe lonse lagawana. Ndipo msodzi akabedwa, amene usipa wake sufika ndi inu a mu msika.

Nanga chikatulukira chofiiracho mutani? Musadine paliponse, ngakhale pomwe alemba kuti tsekani. Tulukani pa tsambalo, kapena zimitsani foni n'kuyatsanso. Mafoni a Android okhala ndi Play Store ali kale ndi mlonda wawo, Play Protect, yemwe Google inakhazikitsa mu 2017 ndipo salipiritsa. Ngati munadina kale, chotsani pulogalamuyo, sinthani PIN ya Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo, osadikira mawa. Ndalama zikasowa, imbirani kampani ya foni yanu ndipo kanene kupolisi. Lamulo lake lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo a MACRA amalandiranso madandaulo otere. Mauthenga onse asungeni, musafufute, chifukwa umboni wanu ndi womwewo.