WAYA WOONGOLA MANO SALANDA MUNTHU MAU

Mphunzitsi, namwino, kalaliki ndi mlangizi wa zamalimidwe, onsewa nchito yao ili pakamwa. Ncifukwa cake ena mwa iwo, amene mano ao anamera mopingasa, amaopa kuikitsa waya woongola mano, poganiza kuti adzayamba kulankhula ngati mwana pamaso pa anthu.

Manthawo ali ndi pocokera. Mau monga "tsiku", "dzuwa" ndi "nsima" amamveka bwino lilime likafika pafupi ndi mano akutsogolo ndi kusiya kampata kotulukira mpweya. Dotolo wa mano akamata tizitsulo pa mano ndi kupisamo waya, kampatako kamasintha, malovu amacuruka, ndipo "s" amatuluka ngati mluzu. Bvutoli limakula ngati tizitsulo tamatidwa kuseri kwa mano, kapena ngati munthu wabvala kambale ka pulasitiki kumwamba kwa m'kamwa, pakuti ndipo pamene lilime limagunda polankhula.

Koma lilime silicedwa kuphunzira. Ngakhale waya amakhala m'kamwa caka ndi theka kapena zaka 2, anthu ambiri amayambanso kulankhula bwino pakapita masabata owerengeka cabe. Mankhwala ake ndi kulankhula komweko. Wowerenga nyuzi mokweza madzulo alionse, pang'onopang'ono, amazoloweretsa lilime msanga, pamene wokhala cete pa nchito cifukwa ca manyazi amangotalikitsa bvuto lake.

Mano amawawa masiku 3 kufikira 5 waya akangoikidwa, ndiponso nthawi zina dotolo akamumangitsa, zimene zimacitika pa masabata 4 kufikira 8 alionse. Motero mphunzitsi wanzeru amaikitsa waya pa nthawi ya chuti, ndipo kalaliki amasankha Lacisanu. Kumwa madzi pafupipafupi kumathandiza, ndipo phula limene dotolo amapereka limaphimba kacitsulo kamene kakupweteka mlomo.

Coopsa ndi kucotsetsa waya nthawi isanakwane. Mano amabwerera kumene anali, ndipo ndalama zonse zimapita pacabe. Waya akabvuta, munthu abwerere kwa dotolo wake, osati kwa wosaphunzira nchitoyi.

Anzake a pa nchito, ana a sukulu ndi makolo naonso ali ndi mbali yao. Mau akapanda kumveka, afunsenso mwaulemu m'malo moseka. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.