Khoma limodzi likhoza kutitulutsira katswiri ku Dowa ndi ku Ntchisi

Mukafunsa mnyamata wogulitsa kaunjika pa Mponela, kapena wophunzira wa ku Robert Blake ku Kongwe, kuti atchule masewero amene dziko lingatchuke nawo, yankho likhala limodzi: mpira wamiyendo. Wina awonjezerapo ntchemberembaye ndi nkhonya, basi nkhani yathera pomwepo. Lero ine ndati ndikambeko za masewero a racquetball ndi mbale wake squash, chifukwa ndikuona kuti pali mwayi umene ukutidutsa tili chipenyere.

Racquetball ndi masewero a anthu awiri kapena anayi. Amalowa m'chipinda chotalika mamita 12, mulifupi mamita 6, aliyense atagwira chomenyera cha zingwe zolukana ngati sefa, n'kumamenya kampira ka labala kukhoma mosinthana. Kampirako kakagunda pansi kawiri iwe usanakabweze, waluza. Anayambitsa masewerowa ndi Joe Sobek wa ku America m'chaka cha 1950. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1979, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Santa Clara, California, mu 1981.

Mwina mukuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife? Tamvani za dziko la Bolivia. Ili ndi dziko la mapiri ku South America, lopanda doko lakelake ngati lathu lino, ndipo nalonso silili m'gulu la mayiko olemera. Koma anthu ake anawakonda masewerowa mpaka mu 1998 mpikisano wa dziko lonse unachitikira mumzinda wawo wa Cochabamba. Mu 2019, pa masewero a mayiko a ku America amene anachitikira ku Lima, mendulo yoyamba ya golide m'mbiri ya Bolivia pa masewerowo inabwera ndi anyamata a racquetball. Mmodzi mwa iwo, Conrrado Moscoso wa ku Sucre, anadzakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022. Pa mpira wamiyendo Bolivia amapanikizidwa ndi Brazil ndi Argentina chaka ndi chaka. Anapeza khomo lina lopanda chithinithini, n'kulowera pomwepo.

Kwathu kuno masewero oyandikana nawo ndi squash. Kusiyana kwake n'kochepa: chipinda chake n'chocheperako, mamita 9.75 mulitali ndi 6.4 mulifupi, ndipo kampira kake sikadumpha kwambiri. Squash ilipo ndithu m'dziko muno, koma inadza ndi atsamunda ndipo inakhazikika m'makalabu monga Blantyre Sports Club ndi Lilongwe Golf Club. Mwana wa mlimi wa fodya wa ku Madisi kapena wa soya wa ku Malomo angalowe bwanji kumeneko? Ngakhale dzina lake lokha sanalimvepo.

Tsono nkhani yagona apa. Mu Okutobala 2023, akuluakulu a masewero a Olympics atakumana ku Mumbai anavomereza kuti squash idzaseweredwe koyamba pa Olympics ku Los Angeles mu 2028. Racquetball sinalandirebe mwayi umenewu. Malawi anayamba kupita ku Olympics mu 1972 ku Munich, koma mpaka lero sitinabwereko ndi mendulo ngakhale imodzi. Mamendulo amene tinapatako ku masewero a Commonwealth mu 1970 ndi 1986 anabwera ndi ankhonya, masewero a munthu mmodzi. Apa pali phunziro, abale. Timu ya mpira imafuna anthu 11 aluso nthawi imodzi, pamene squash imafuna mwana mmodzi wakhama ndi malo oti aziphunzirirapo tsiku ndi tsiku.

Wina anena kuti amenewa ndi masewero a mabwana. Zoona, anayamba choncho. Koma Hashim Khan wa ku Pakistan anali kamnyamata kotolera mipira pa kalabu ya asilikali achingerezi ku Peshawar. Mabwana akapita kukapuma, iye ankalowa m'chipindamo n'kumasewera yekha opanda nsapato. Mu 1951 anapambana mpikisano wa British Open, ndipo anautenga kasanu ndi kawiri. Pambuyo pake wachibale wake Jahangir Khan anatha zaka zisanu, kuyambira 1981 mpaka 1986, osagonjako n'kamodzi komwe. Mu Africa momwe muno, Amr Shabana wa ku Egypt anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2003, ndipo lero anyamata ndi atsikana a ku Egypt, monga Nour El Sherbini, ndi amene akulamulira masewerowa.

Nanga bwanji ndikutchula Dowa ndi Ntchisi? Chifukwa ana a m'mapiri amenewa ali ndi zimene mphunzitsi aliyense wa masewero amafuna. Amakwera zitunda popita kusukulu ndi kuchigayo, choncho mpweya ali nawo. Taonererani atsikana akusewera fulaye, muone mmene amazindira mpira, kudumpha ndi kuponya molunjika. Taonani diso la mnyamata wa legeni. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, anachokera kumudzi ku Mzimba. Luso lilipo kumidzi, chosowa ndi poyambira.

Sindikunena kuti n'zophweka ayi. Zomenyera ndi timipira n'zochokera kunja ndipo n'zodula. Pafunika nsapato, komanso magalasi oteteza maso poti kampirako kakakulasa m'diso ukhoza kuchita khungu. Pafunikanso mphunzitsi wodziwa. Koma poyambira penipeni ndi khoma losalala ndi pansi pa simenti. Ngakhale ku America komweko ena amasewera racquetball panja, pa khoma limodzi lokha. Kodi njerwa zavuta ku Dowa? Kodi mashedi osungiramo mbewu amene amangokhala pululu msika ukatha sangagwire ntchitoyi?

Inu amalonda a pa Mponela, pa Madisi ndi pa boma la Ntchisi, chaka chilichonse mumaika ndalama pa zikho za mpira. Chikho chikatha, ndalama zatha, chotsala ndi fumbi ndi mikangano ya oyimbira. Khoma mukalimanga pasukulu likhala zaka makumi, dzina la golosale yanu lili pomwepo. Inu osewera squash a mu Lilongwe, Mponela ndi ulendo wa ola limodzi pa msewu wa M1. Zomenyera zakale zimene zikungodyedwa ndi dzimbiri m'nyumba zanu, bwanji osazipereka kusukulu imodzi, n'kumapitako Loweruka limodzi pamwezi kukaphunzitsa ana?

Ndipo inu ophunzira, musadikire kuti boma lichite kukubweretserani m'manja. Funsani aphunzitsi anu a zamasewero, lembani kalata ku Malawi National Council of Sports, yambani ndi mpira wa tenisi pakhoma la holo. Za 2028 mwina tachedwa nazo, poti katswiri sapangidwa m'zaka ziwiri kapena zitatu. Koma mwana amene ali Sitandade 4 lero adzakhala pa msinkhu wabwino m'ma 2030. Akulu anati m'mera mpoyamba.