Makina Osema Chitsulo Amamvera, Koma Saona

M'mafakitale opanga ziwiya za ndege, za magalimoto ndi za m'zipatala muli makina amene amasema chitsulo popanda dzanja la munthu lowatsogolera. Makinawa amatchedwa CNC, kutanthauza kuti amayenda motsata manambala ochokera mu kompyuta. Munthu wowaona koyamba amayesa kuti ali ndi nzeru zawozawo, pamene zoona zake n'zakuti alibe maso ngakhale maganizo. Amapita kumene auzidwa, ndipo akauzidwa zolakwika amazichita ndi mphamvu zawo zonse. Nkhani ya lero ikufotokoza ntchito imene mmisiri amagwira pa kompyuta makinawo asanayambe kudula, popeza kuti ntchito ikome kapena iwonongeke zimayambira pamenepo.

Luso limeneli lidayambira ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. John T. Parsons, amene kampani yake inkapanga mapiko a helikopita ku Traverse City m'dera la Michigan, pamodzi ndi mnzake Frank Stulen, adayamba kuwerengetsa maonekedwe a mapikowo pogwiritsa ntchito makadi obooledwa. M'chaka cha 1949 gulu la nkhondo la mumlengalenga la dzikolo lidapereka ndalama zopititsira ntchitoyi patsogolo, ndipo mu 1952 akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya MIT adaonetsa makina osema chitsulo oyenda motsata tepi yobooledwa. Pambuyo pake Douglas Ross ndi anzake a pa sukulu yomweyo adakonza chinenero cholembera malangizo a makinawa chotchedwa APT. Masiku ano mmisiri salembanso mzere uliwonse pamanja, koma amagwiritsa ntchito mapulogalamu a CAM monga Mastercam kapena Fusion, amene amamulembera malangizowo.

Ntchito imayamba ndi zithunzi ziwiri. Choyamba ndi cha chiwiya chimene chikufunidwa, chojambulidwa pa kompyuta ndi miyeso yake yonse. Chachiwiri ndi cha chidutswa cha chitsulo chosasema chimene chiwiyacho chidzatulukamo. Kompyuta imachotsa chithunzi choyamba mu chachiwiri, ndipo chotsalacho ndicho chitsulo choyenera kusemedwa. Motero mmisiri wosamala amayamba wayeza chidutswa chenichenicho, osangodalira muyeso wolembedwa pa pepala. Chidutswa chikakhala chachitali ndi mamilimita 3 kuposa chimene kompyuta ikudziwa, chodulira chidzatsika mothamanga poyesa kuti chikadali m'malere, n'kugunda chitsulo.

Kenaka mmisiri amaonetsa kompyuta mmene chidutswacho chidzagwiridwire. Kawirikawiri chimamangidwa mu vaisi kapena ndi zopanira pa tebulo la makina. Zogwirirazi nazonso ziyenera kuoneka pa chithunzi, chifukwa kompyuta siingapewe chinthu chimene sidauzidwe kuti chilipo. Zodulira zambiri zathyoka pa milomo ya vaisi imene mmisiri adaiwala kujambula.

Gawo lofunika koposa ndi kusankha poyambira miyeso. Makinawa amayenda njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, kumene kumatchedwa X, kutsogolo ndi kumbuyo, kumene ndi Y, ndiponso kumwamba ndi pansi, kumene ndi Z. Nambala iliyonse ya m'malangizo ndi mtunda wochokera pa malo amodzi otchedwa ziro. Mmisiri angaike ziro pa ngodya ya chidutswa, pakati pake, kapena pakati pa bowo limene lilipo kale. Palibe lamulo lomukakamiza, koma pali chinthu chimodzi chosaphwanyika: ziro wa pa kompyuta ndi ziro wa pa makina ayenera kukhala malo amodzi omwewo.

Pachifukwa chimenechi, chidutswa chikamangidwa, woyendetsa makina amakhudza m'mbali mwake ndi pamwamba pake ndi kachipangizo koyezera, ndipo manambala opezekawo amawasunga m'makina pansi pa dzina lakuti G54. Ngati amene adakonza ntchito pa kompyuta adaika ziro pansi pa chidutswa, koma woyendetsa makina n'kuika ziro pamwamba pake, chodulira chidzangozungulira m'malere osakhudza kanthu. Zikasemphana mwa njira inayo, chodulira chidzaboola chidutswa chonse mpaka kufika pa vaisi kapena pa tebulo. Malangizo onse angakhale olondola mzere ndi mzere, koma ziro akasochera, ntchito yonse yasochera naye. N'chifukwa chake amisiri odziwa amalemba pepala losonyeza pamene pali ziro ndi mndandanda wa zodulira, kuti wa ku kompyuta ndi wa ku makina alankhule chimodzi.

Chodulira chilichonse chili ndi nambala yake, kukula kwake, kuchuluka kwa mano ake ndi kutalika kwake. Kutalikako kumayezedwa pa makina penipeni, ndipo lamulo la G43 limauza makina kuti akuwerengere potsika. Chodulira chikasinthidwa popanda kuyezanso, makina amagwiritsabe ntchito muyeso wakale.

Liwiro nalo silisankhidwa mwa kungoganizira. Opanga zodulira amanena liwiro loyenera mtundu uliwonse wa chitsulo. Mwachitsanzo, chodulira cha carbide chokula mamilimita 10 chingadule chitsulo chofewa pa liwiro la mamita 100 pa mphindi. Popeza kuzungulira kamodzi kwa chodulira chotero ndi mamilimita 31.4, chiyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 3,180 pa mphindi. Ngati chili ndi mano 4, ndipo dzino lililonse likuluma mamilimita 0.05, chodulira chonse chidzasuntha mamilimita 636 pa mphindi. Wophunzira amayesa kuti kuyenda pang'onopang'ono ndiko kusamala, koma si choncho nthawi zonse. Mano akaluma pang'ono kwambiri amangokhula chitsulo osachidula, ndipo chodulira chimatentha n'kubuntha msanga. Akaluma mopitirira, chimathyoka. Aluminiyamu amalola liwiro lalikulu kuposa chitsulo, koma amakonda kumatirira ku mano, choncho amafuna chodulira cha mano ochepa ndi madzi oziziritsa okwanira.

Njira ya chodulira imagawidwa pawiri, monga momwe wosema mtondo amayambira ndi nkhwangwa n'kumalizira ndi kasemasema. Ulendo woyamba umachotsa chitsulo chambiri mofulumira, n'kusiya kachigawo kochepa ka milimita m'mbali monse. Ulendo wachiwiri umachotsa kotsalako mofatsa kuti chiwiya chisalale ndi kufika pa muyeso wake. Mmisiri amasankhanso msinkhu umene chodulira chidzakwerepo posamuka kuchoka pa malo ena kupita pa ena, ndipo msinkhuwo uyenera kupitirira chopanira chachitali koposa.

Zonsezi zikatha, kompyuta imaonetsa ntchito yonse ikuchitika pa chithunzi, ndipo imachenjeza ngati chodulira kapena chogwirira chake chikugunda penapake. Pomaliza, pulogalamu ina yotchedwa post-processor imamasulira njirazo kukhala malangizo amene makina a mtundu umenewo amamva. Chinenero chake ndi G-code, chimene chidakhazikitsidwa monga muyezo wa maiko onse, ISO 6983, m'chaka cha 1982. M'chinenerochi G00 ndi kuthamanga osadula, G01 ndi kudula molunjika, G02 ndi G03 ndi kudula mokhota, pamene M03 imayambitsa kuzungulira kwa chodulira. G20 imanena kuti miyeso ndi mainchi, G21 imanena kuti ndi mamilimita, ndipo kusokoneza ziwirizi kumakuza kapena kuchepetsa mtunda uliwonse maulendo 25.4. Ngakhale muyezowo ulipo, makina a Fanuc, Siemens ndi Haas amasiyana m'zinthu zina, kotero kuti malangizo olembedwera ena sayenera kungoperekedwa kwa ena.

Chithunzi cha pa kompyuta chimangotsimikiza zimene kompyuta idauzidwa. Sichidziwa ngati vaisi yamangidwa molimba, kapena ngati chodulira cha nambala 3 chilidi pa malo a nambala 3. Pa ichi, mmisiri amayamba wayendetsa makina m'malere, pamwamba pa chidutswa, kenaka amadula chiwiya choyamba mzere umodziumodzi, chitseko chili chotseka, dzanja lake lili pafupi ndi batani loimitsira. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiwiya choyambacho chikatuluka, amachiyeza mbali zonse. Chikagwirizana ndi chojambula, ndi pamene makina amaloledwa kubwereza ntchitoyo maulendo mazana, ndipo chiwiya chomaliza chimafanana ndi choyamba, pokhapokha chodulira chitayamba kutha, chimene mmisiri yemweyo ayenera kuchiyang'anira.