Chifunga chomwe chidabisa umphawi wa makina

Aliyense amene adalawirapo ulendo nthawi ya chiperoni akudziwa momwe mtima umagundira ukamva mapazi kutsogolo koma mwini wake osamuona.

Mantha oterewa ndiwo adatchukitsa Silent Hill, gemu yoopsa yomwe kampani ya Konami ya ku Japan idatulutsa m'chaka cha 1999 pa makina a PlayStation. Wosewera amakhala Harry Mason, bambo yemwe wachita ngozi ya galimoto pafupi ndi tauni yongopeka ya ku America. Potsitsimuka, akupeza kuti mwana wake wamkazi, Cheryl, wasowa. M'misewu muli zii, ndipo tauni yonse yakutidwa ndi chifunga.

Chomwe ambiri sadziwa nchakuti chifungacho chidabwera chifukwa cha kuperewera mphamvu kwa makinawo.

Malo a m'gemu ya 3D sajambulidwa ngati chithunzi chapakhoma. Nyumba, mitengo ndi galimoto amaziumba pakompyuta ndi tizidutswa ta ngodya zitatu, kenaka nkumata pamwamba pake zithunzi za njerwa, matabwa kapena dzimbiri, monga momwe mmisiri amapakira laimu. Wosewera akangosuntha, makina amayenera kujambulanso chilichonse chomwe maso akuona, kambirimbiri pasekondi imodzi.

Tsono PlayStation yoyamba idali ndi memori ya mamegabayiti awiri okha, yochepa kuposa zithunzi zambiri zomwe anthu amajambula pafoni masiku ano. Siyikadatha kuonetsa msewu wautali mpaka kumapeto. Nyumba zikadamangotulukira mwadzidzidzi ngati bowa, ndipo wosewera akadaseka m'malo moopa.

Kampani ya Capcom idazemba vutoli mu Resident Evil ya 1996 pogwiritsa ntchito zithunzi za zipinda zojambuliratu ndi kamera yosasuntha. Koma Keiichiro Toyama, yemwe adatsogolera ntchito ya Silent Hill, pamodzi ndi anzake adamanga tauni yoti munthu aziyendamo momwe angafunire. Kuti makina asalemedwe, adaphimba zakutali ndi chifunga, ndipo kwina ndi mdima wandiweyani.

Apa ndipo padagona nzeru. M'malo mochita manyazi ndi chophimbacho, adachisandutsa chida. Harry adampatsa tochi yowala pafupi pokha, komanso kawailesi ka m'thumba komwe kamayamba kukhwekhwereza chilombo chikayandikira. Wosewera amadziwa kuti china chake chikubwera, koma sadziwa ngati chili kumanzere, kumbuyo kapena m'mwamba. Zotsalazo amadzijambulira yekha m'maganizo, ndipo nthawi zambiri zimakhala zoopsa kuposa chilombo chenichenicho.

Malo omwe adasankha ndi odziwika kwa aliyense: sukulu ya pulaimale, chipatala, tchalitchi. Sayirini ikalira, malo omwewo amasanduka. Pansi pamakhala zitsulo za dzimbiri zooneka ngati sefa, makoma amadetsedwa ndi magazi, ndipo chipinda chomwe munthu amachidziwa chimakhala chachilendo. Akira Yamaoka adathira ndemanga ndi phokoso longa la zitsulo zikugundana m'fakitale. Ngakhale mayina a misewu, monga Bachman ndi Koontz, adatengedwa kwa alembi a mabuku oopsa a ku America.

Kufunika kwa chifungachi kudaoneka poyera m'chaka cha 2012, pomwe Konami idatulutsanso Silent Hill 2 ya 2001 pamodzi ndi Silent Hill 3 pa makina amphamvu a PlayStation 3 ndi Xbox 360. Zithunzi zidawala bwino, koma chifunga chidapepuka. Osewera adayamba kuona zomwe sadayenera kuona, monga pothera nyanja ndi malo omwe amisiri oyamba adawasiya osamaliza podziwa kuti abisika. Anthu omwe adalipira ndalama zawo adadandaula kwambiri, ndipo mpake: adagula mantha, nkulandira nyumba yopanda pulasitala.

Pomwe kampani ya Bloober Team ya mumzinda wa Kraków ku Poland idamanganso Silent Hill 2 kuyambira pamaziko m'chaka cha 2024, makina adali oti angathe kuonetsa msewu wonse mpaka kumapeto. Komabe amisiriwo adabwezeretsa chifunga chochindikala dala, ndipo gemuyo idagulidwa makope oposa 1 miliyoni m'sabata yoyamba.