Kupanga Masewera a pa Kompyuta: Amaphunzitsa ndi Kuyesa Bwanji?

Tsiku lina Lamulungu, mapemphero atatha pa tchalitchi chathu chakumudzi kufupi ndi Katete, mai wina anandiitanira pambali. "Akatekisi," anatero, "mwana wanga watsiriza Giredi 12, ndipo akuti afuna kukaphunzira kupanga masewera a pa kompyuta. Kodi ndigulitse ng'ombe chifukwa cha masewera?" Funso limeneli n'lolemera, pakuti ng'ombe ikapita kumsika sibwerera. Tiyeni tsono, makolo anzanga, tione mmene maphunziro otere amayendera tisanavomere kapena kukana.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Kupanga masewera si njuga ija yobetcha pa foni imene ikudya ndalama za achinyamata athu. Ndi umisiri. Amene anayamba kukumba mizere inayi ya maenje a nsolo, nakonza malamulo a kadyedwe ka miyala, anagwira ntchito yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti a lero amaigwira pa kompyuta. Yunivesite ya Abertay, mu mzinda wa Dundee ku Scotland, inayamba kupereka digiri ya ntchitoyi mu 1997, ndipo masukulu ambiri anatsatira.

Kaphunzitsidwe kake n'kotere. Ophunzira samangokhala chete kulemba zimene mphunzitsi akunena. Amaikidwa m'magulu: wina wojambula zithunzi, wina wolemba malamulo amene kompyuta imamvera, wina wokonza nyimbo, wina wopeka nthano. Mutu umodzi susenza denga. Kawirikawiri amayamba kuyesa ganizo lawo ndi mapepala ndi timiyala, kenaka n'kuitana anthu osalidziwa sewerolo kuti asewere, iwo ali duu kupenya pamene anthuwo akusokonezeka. Akaona cholakwa amakonza, nayesanso. Palinso msonkhano wa chaka ndi chaka wotchedwa Global Game Jam, umene unayamba mu 2009, pamene timagulu ta m'maiko ambiri timapatsidwa maola 48 kuti tipange sewero latsopano.

Nanga mayeso? Mayeso olemba alipo ndithu, koma muyeso waukulu ndi chinthu chimene wophunzira wapanga. Aphunzitsi amachisewera okha. Amawerenga buku limene wophunzira amalembamo zimene wachita mlungu uliwonse. Amafunsanso anzake a m'gulu kuti anene za khama lake, kuopa kuti waulesi angakolole m'munda umene sanalime. Potsiriza amaimirira pamaso pa anthu kufotokoza ntchito yake ndi kuyankha mafunso.

Kuyesa kotere kumabala zipatso. Mu 2005 ophunzira a pa sukulu ya DigiPen ku America anapanga sewero lotchedwa Narbacular Drop monga ntchito yawo yotsiriza. Akuluakulu a kampani ya Valve ataliona anawalemba ntchito, ndipo mu 2007 munatuluka sewero lotchuka la Portal. Chimene chinawalankhulira ndi ntchito ya manja awo.

Kwa ife Achewa zimenezi si zachilendo. Mnyamata wophunzira kusula khasu amayesedwa ndi khasu lake m'munda. Woumba mbiya amayesedwa pamene mbiyayo yathiridwa madzi. Ngakhale ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene inayamba m'masukulu a dziko lathu la Zambia mu 2025 ikutsindika zimene mwana angathe kuchita, osati zoloweza pamtima zokha. Ife akatekisi tikudziwa bwino kuti mwana angathe kutchula Malamulo Khumi osaphonya, mawa lake n'kukaba nzimbe.

Tsono mai uja ndinamulangiza motere: ng'ombe iyambe yakhala m'khola. Mwanayo aonetse poyamba kasewero kamodzi kopanga yekha, ngakhale ka papepala, ndipo abale ake akasewere. Akapeza sukulu, mufunse ngati ndi yovomerezeka ndi boma, ngati makompyuta alipo okwanira, ndiponso ngati ophunzira amatuluka ndi ntchito yooneka imene angasonyeze olemba ntchito. Aphunzirenso masamu mwakhama, pakuti luso lolamula kompyuta limafunikanso kubanki, kuchipatala ndi ku ofesi ya zaulimi, masewerawo akapanda kumudyetsa.

M'fanizo la matalente, pa Mateyo 25, mbuye uja pobwera anafuna kuona chimene wantchito aliyense anapindula. Mphatso ya mwana tisaikwirire pansi chifukwa cha mantha, komanso tisaigulire ng'ombe tisanaione ikugwira ntchito.