Mphindi 12 zoulula mphamvu ya mtima wa wophunzira

Wophunzira wa pakoleji akakomoka pothamanga, anzake amafulumira kunena kuti sanadye m'mawa. Nthawi zina chimene chachitika n'chakuti munthu wokhalira pampando chaka chonse wakakamiza mtima ntchito imene sunaizolowere. Komatu mphamvu ya mtimayo imayezeka, ndipo pamangofunika bwalo ndi wotchi.

Njira yodziwika kwambiri anaiyambitsa mu 1968 Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a ndege ku America. Munthu amathamanga mphindi 12, kenako amayeza mtunda umene wafika. Wozungulira bwalo la mamita 400 kasanu n'kamodzi ndiye kuti wathamanga mamita 2,400, ndipo pa masamu a Cooper, VO2max yake ili cha pa 42. Ina ndi ya Luc Léger wa ku Montreal: kuthamanga uku ndi uku pakati pa mizere iwiri yotalikirana mamita 20, motsatira kulira kwa belu limene limafulumira mphindi iliyonse. Ku China ophunzira a m'mayunivesite amayesedwa pothamanga chaka ndi chaka, anyamata mamita 1,000, atsikana 800.

Nambala ya 42 ija ikunena mamililita a okosijeni amene kilogalamu iliyonse ya thupi imagwiritsa ntchito pa mphindi, munthu atafika pothera mphamvu. Ambiri akayamba wefuwefu amada mapapo, chonsecho mwa wachinyamata wathanzi mapapo sachepekedwa kawirikawiri. Chimene chimaika malire ndi mtima: magazi ochuluka bwanji amene ungatulutse ukagunda kamodzi. Wothamanga pafupipafupi chipinda cha kumanzere cha mtima wake chimadzaza bwino n'kufinya mwamphamvu, magazi amachuluka, timitsempha ta m'minofu timawonjezeka. N'chifukwa chake akakhala phee mtima wake umagunda pang'onopang'ono. Kugunda kumodzi kumagwira ntchito yaikulu. Okosijeniyo amanyamulidwa ndi magazi, choncho amene wangochira malungo kapena ali ndi magazi ochepa amatsalira, ngakhale atalimbikira chotani.

Chonyansa n'chikhulupiriro choti thukuta lambiri ndi umboni wa thupi lolimba. Umaona mnyamata wavala majuzi awiri, wina mpaka pulasitiki mkati, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Thukuta ndi madzi ozizitsira thupi, si mafuta osungunuka ayi. Madziwo akachoka magazi amachepa, mtima umathamanga kwambiri kuti ukwanitse, mtunda umafupika, ndipo ena amagwa kumene.

Amene anamvapo kupweteka pachifuwa kapena anakomokapo pothamanga ayambe waonana ndi dokotala asanayese njirazi.